Mpando wa Pakona

A Pitala anaimba foni Lachitatu masana, Lydia ali pakati pa mapaipi a nthunzi ku fakitale yoyenga mafuta ophikira ku Liwonde. Phokoso linali lambiri, choncho anavula magolovesi n'kutuluka panja.

"Iwe Lydia, paja ntchito yako ndi yoyeza moto eti?"

"Si moto weniweni, amalume. Ndimawerengera kutentha kumene kukuchoka pa ng'anjo n'kukamenya khoma kapena munthu."

"Ndi zomwezo. Ubwere Lachisanu, usadikire Loweruka. Utengenso kamfuti kako koloza kaja."

Anadula foni asanafunsidwe chifukwa.

A Pitala anali achimwene awo a mayi ake a Lydia, ndipo ndiwo anali nkhoswe yake. Loweruka limenelo kunkabwera ankhoswe a Kevin, mnyamata wophunzitsa pa sekondale ina ku Balaka, amene ankafuna kukwatira Lydia. Zambiri mabanja awiriwa anali atagwirizana kale. Panatsala nkhani imodzi yokha: ukwati ukadalitsidwire kuti, ku Chikweo kwawo kwa mkazi kapena ku Balaka kwawo kwa mwamuna. A Pitala anali atalumbira pamsika, anthu akumva, kuti mwana wa achemwali awo sadzavalira velo kwina kulikonse koma ku Chikweo. Lydia mwiniwakeyo panalibe anamufunsa. Akanamufunsa akanati Balaka, chifukwa ukwati unali wa mu Januwale, ndipo mvula ikagwa msewu wochokera ku Nselema umasanduka phala. Panalinso chifukwa china chimene sakanachitchula pagulu: ukwati ukachitikira ku Chikweo, wogwira maikolofoni adzakhala a Pitala.

Ku Chikweo kunalibe maliro, ukwati kapena mwambo wotsegulira mjigo umene unatha a Pitala osayankhulapo. Iwo ankati ndi mphatso. Anthu ena anali ndi dzina lina la zimenezi.

Lydia anafika Lachisanu cha m'ma leveni pa kabaza wa njinga yamoto, fumbi la Okutobala litamuyeretsa nsidze. Anapeza a Pitala akumudikira kale pachisakasa cha pambali pa nyumba ya mayi ake. Chisakasacho anamanga ndi a Pitala omwewo, chosungiramo thonje likamadikira ogula, ndipo chinali cha misinkhu iwiri. Mbali ya kum'mawa, yoyandikana ndi mtengo wa mango, inali yokwera, yofolera ndi malata atsopano onyezimira. Mbali ya kumadzulo malata anawathera, ndiye anamalizira ndi akale amene anasasula pa khitchini, akuda bii ndi mwaye wa zaka makumi awiri. Kumeneko denga linkatsika mpaka munthu wamtali kuwerama, ndipo kumbuyo ndi kumbali anatchinga ndi migolo yong'amba n'kuiphwatalitsa, kuti mbuzi zisamalowe.

"Hassani uja wopita ndi nsomba za ku Chiuta ku Balaka wandiuza zonse," anatero a Pitala, Lydia asanatule n'chikwama chomwe. "Nkhoswe ya mnyamata wako ndi a Blasius. Akuti munthu ameneyo akayamba kuyankhula, mthunzi umachoka mbali ino kupita mbali iyo iye asanafike pamutu wa nkhani. Tsiku lina kutchalitchi anamupatsa mphindi zisanu za zolengeza. Abambo mfumu anapita kukadya n'kubwerako, iye akadali pa moni."

"Ndiye mwapeza mnzanu, achimwene," anatero a Judith, mayi ake a Lydia, amene ankapeta mpunga pakhonde.

"Achemwali, ine ndimayankhula zomveka. Uyu amapambana nkhani potopetsa anzake. Ndiye mawa ndikufuna wotopa akhale iyeyo." Anatembenukira kwa Lydia. "Undipezere malo amene dzuwa limalusa kwambiri pansi pa chisakasa chino. Koma akhale malo ooneka aulemu."

Lydia anawayang'ana amalume akewo kanthawi. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa kachipangizo kachikasu kooneka ngati mfuti, kofanana ndi tija ankatiloza nato pamphumi nthawi ya mliri, kungoti aka kanali koyezera zitsulo zotentha. Anatulutsanso tepi yoyezera, cholembera ndi envelopu yakale.

"Tidikire wani koloko," anatero. "Alendowo afika nthawi ngati imeneyo."

Nthawi itakwana, nyenje zikulira m'mitengo ngati zalipidwa, Lydia analowa pakona pa malata akuda n'kuloza kamfutiko m'mwamba.

"Madigiri 80."

Analoza migolo ya kumbuyo. Inali chimodzimodzi. A Pitala anaima pambali pake, manja kumbuyo, ngati kapitawo.

"Tsopano undifotokozere bwinobwino, kuti nanenso ndizidziwa."

"Kutentha kumayenda njira zingapo, amalume. Kwina kumafuna mugwire chinthucho. Kwina kumabwera ndi mphepo. Koma kulipo kwina kumene kumangokuwombani muli patali, ngati mukamaotha moto, nkhope kupsa msana ukuzizidwa. Kumeneko ndiye tikuwerengera. Malata awa simukuwagwira, koma akukuwombani."

Anakhala pansi n'kuyamba kulemba pa envelopu ija. Pa 80 paja anaphatikizapo 273, zinakwana 353. Nambala imeneyo anaichulukitsa yokhayokha kanayi pa foni yake.

"Kanayi? Bwanji osati kawiri?"

"Ndi m'mene kunalengedwera. N'chifukwa chake chitsulo chikangowonjezera kupsa pang'ono, zimene chikutulutsa zimalumpha kwambiri." Anachulukitsanso ndi kanambala kena kakang'ono kamene ankakadziwa pamtima. "Chachiwiri ndi mtundu wa chitsulocho. Malata onyezimira ndi oumira, amatulutsa gawo limodzi lokha mwa magawo anayi. Akuda ndi mwaye ngati awa ndi opatsa, amatulutsa pafupifupi zonse."

"Opatsa," anabwereza a Pitala, mawuwo atawakomera.

"Chachitatu ndi chimene munthuyo akuonana nacho. Takhalani apa." Anawakhazika pa njerwa pakona penipeni. "Mutu wanu ukuonana ndi chiyani? Pamwamba malata. Kumbuyo mgolo. Kumanzere mgolo. Kulikonse ndi chitsulo chotentha, palibe kothawira. Mukasendera mapazi atatu okha, theka la zimenezi mwasiyana nazo."

A Pitala anadzuka msanga pa njerwa paja akupukuta dazi lawo ndi chikhatho.

Lydia anamaliza masamu ake n'kuwaonetsa. Pakonapo, malo a mita imodzi uku ndi uku ankalandira mphamvu ya kutentha yokwana mawati pafupifupi 780. Kumbali ya mtengo wa mango, pansi pa malata atsopano, anali 560.

"Kusiyana kwake n'kochepa chonchi?" A Pitala anakhumudwa.

"Iyayi. Khungu lanu nalonso limatulutsa ake, pafupifupi 500. Chimene chimakuwotchani ndi chotsalacho. Kumangoko kutsala 60. Pakona pano patsala 280."

A Pitala anawerengera ndi milomo, ndipo nkhope yawo inamasuka pang'onopang'ono. Anatola khala n'kujambula kamtanda pansi, pamene Lydia analoza. Kenako anapita kwa akatekisiti kukabwereka mpando wachitsulo wopaka utoto wakuda, wokhala ndi zotsamira mikono, umene unkasungidwira alendo olemekezeka. Anauyika pa kamtanda paja. Wawo wamatabwa anauyika kum'mawa, kumene kamphepo ka pansi pa mango kankafika.

"Achimwene, alendo timawaotcha?" anafunsa a Judith.

"Palibe akuotchedwa. Tikuwapatsa mpando wabwino kuposa yonse pamudzi pano." Anatembenukiranso kwa Lydia. "Munthu angapirire nthawi yaitali bwanji pamenepa?"

"Masamu anga amathera pa khungu, amalume. Za m'kati mwa munthu sindiwerengera."

"Mphindi makumi awiri," anadziyankha okha a Pitala. "Akapitirira pamenepo ndiye kuti si munthu."

Loweruka alendo anafika dzuwa lili paliwombo, pa njinga zamoto ziwiri. Woyamba kutsika anali mayi wonenepa wa chitenje cha bungwe la amayi kutchalitchi, a Jane, azakhali ake a Kevin. Wachiwiri anali nkhalamba yaifupi, yoonda ngati nthyole, yovala jekete yaubweya, tayi ndi chipewa. Ameneyo ndiye anali a Blasius. A Pitala atangoona jeketeyo mtima wawo unasekerera.

Mwambo sunkalola kuti Lydia akhale nawo pa zokambiranazo. Anakhala m'nyumba pafupi ndi zenera loyang'ana kuchisakasa, katani atalisiya pang'ono. Mayi ake ankalowa n'kutuluka, uku akuyang'anira nkhuku pamoto.

A Pitala, atavala suti yawo ya pa maukwati, analandira alendowo ndi ulemu wonse. A Jane anawayalira mphasa cha kumango. A Blasius anawatsogolera ku mpando wachitsulo.

"Pano ndi pa alendo athu olemekezeka. Komanso mutikhululukire, ankhoswe, pamudzi pano nkhani za banja timakamba zipewa titavula."

Lamulo limeneli analipanga m'mawa womwewo akumeta ndevu. A Blasius anavula chipewa mosanyinyirika. M'munsi mwake munali tsitsi la imvi lothinana ngati thonje la m'thumba. Anagwira mkono wa mpando uja ndi zala ziwiri, anayang'ana malata a pamwamba, anayang'ana migolo, kenako anayang'ana pamene panali mpando wa a Pitala. Anakhala pansi n'kuwongola miyendo bwinobwino. Jekete sanavule.

A Pitala anakhala kwawo kozizira kuja n'kuyamba: "Takulandirani kuno ku Chikweo, ndipo tikhulupirira mwayenda bwino."

A Blasius anaika dzanja kukhutu. "Mwati?"

"Ndati takulandirani."

"Pepani, makutu anga anatha. Mwati chiyani?"

"Muwasenderere, bambo," anatero a Jane ali pamphasa, nkhope yawo yosaonetsa kanthu. "Patali samva."

A Pitala anakoka mpando wawo phazi limodzi. A Blasius sanamvebe. Anakokanso. Anayesa kukweza mawu, koma kukalipira mlendo pa nkhani ya ukwati kunkaoneka kolakwika, ndipo anthu odutsa panjira anayamba kucheuka. Anakoka kachitatu, kachinayi, mpaka maondo awo anagundana ndi a a Blasius.

"Eya, pamenepo ndikukumvani," anatero a Blasius. "Zikomo. Tsopano, musanapitirize, mundilole ndikuuzeni kuti ife ndife ndani, chifukwa si bwino kupereka mwana kwa anthu amene simukuwadziwa."

Anayambira kutali. Anayambira kwa agogo a agogo ake a Kevin, amene anachoka ku Mozambique ndi mtolo wa mbewu ya chinangwa pamutu n'kudzawolokera cha ku Nayuchi njanji isanamangidwe. Anatchula ana awo onse asanu ndi awiri, amene aliyense anakwatira kapena kukwatiwa naye, ndi kumene anakagona. Ankayankhula mofatsa, mosathamanga, nthawi zina n'kuponyamo mawu a Chilomwe n'kuwafunsa a Pitala ngati kwawo ankatchulanso choncho. Nkhope yawo inali youma gwa. Pamphumi panalibe ngakhale kadontho.

M'nyumba muja a Judith anasuzumira pazenera, pamwamba pa phewa la mwana wawo.

"Koma munthuyu ndi wa mnofu? Taona achimwene akusungunuka, iye ali phee."

"Anagwira ntchito pa ng'anjo zootcha laimu zaka 31," anatero Lydia, maso ali panja. "Kumapiri a kufupi ndi Balaka kuja. Iwowo ndiwo ankasonkhezera moto."

A Judith anamuyang'ana. "Unkadziwa?"

"Kevin anandiuza kalekale."

"Nanga amalume ako osawauza bwanji?"

"Sanandifunse, amayi. Anandifunsa malo otentha. Malowo ndi amenewo, sindinaphonye."

"Nanga za makutuzo?"

"Zimenezo ine sindikudziwapo kanthu. Ndikuzionera pano ngati inu nomwe."

A Judith anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka, n'kutuluka kukatembenuza nkhuku.

Ola loyamba litatha, a Blasius anali atafika pa nthawi ya njala ya 1949. Kolala ya shati ya a Pitala inali itanyowa mpaka kusintha mtundu. Thukuta linkayambira pakati pa dazi, kutsika m'mbali mwa makutu, n'kukalowa m'tayi. Chipewa sakanavala, poti lamulo analiika okha. Anatulutsa kampango n'kukayala pamutu, koma atangogwedeza mutu kuvomereza mfundo ina, kanatsetsereka n'kugwera pa nsapato ya a Blasius. A Blasius anakatola, anakapinda bwinobwino panayi, n'kukayika pa bondo la a Pitala, osasiya chiganizo chimene anali nacho.

Lydia anakweza kamfuti kake n'kuloza kudzera pa mpata wa katani. Kadontho kofiira kanatera pakati penipeni pa dazi. Anakachotsa msanga a Jane asanakaone, koma a Jane anali atakaona kale, ndipo anayamba kuyang'anitsitsa mphasa ngati muli nkhani. Lydia anatembenuza envelopu ija n'kulemba. Dazilo analiyerekeza ndi mbale yaing'ono ya ndiwo.

"Mawati 15," anawanong'oneza mayi ake atalowanso. "Pamutu pa amalume pokha. Foni zitatu zikhoza kutchaja."

"Iwe mwana, Mulungu akukuona. Tenga thobwa ndikawapatse asanakomoke."

A Judith anapereka thobwa atagwada. A Pitala anagugudiza chikho chonse osapuma. A Blasius anapsontha kamodzi, anayamikira kuti ndi la mapira enieni, ndipo zimenezi zinawakumbutsa za azakhali awo ena amene ankadziwa kufulula, amene anali asanawatchule.

A Pitala anayesa njira zingapo. Anatsokomola. Anati mwina alendo atopa, asendere kumthunzi wa mango. A Blasius anakana mwaulemu, nati mpando umene mwini mudzi wakusankhira suuthawa, kutero n'kunyoza. A Pitala anayesa kubweza mpando wawo m'mbuyo pang'onopang'ono ndi zidendene. Atangosendera chikhatho chimodzi, a Blasius anawafunsa funso, ndipo yankho lawo silinamveke mpaka anabwereranso pamene anali.

Cha m'ma fili koloko dzuwa linapendeka n'kuyamba kumenya migolo ija mwachindunji. Apa n'kuti a Blasius atafika pa kubadwa kwa Kevin. A Pitala anali ndi mawu awo amene anawakonza sabata yathunthu, mfundo zisanu ndi imodzi zosonyeza kuti ukwati uyenera kuchitikira ku Chikweo, iliyonse ndi mwambi wake. Anazifufuza m'mutu n'kupezamo ziwiri zokha, nazonso zitafota.

"Tsopano," anatero a Blasius, "tifike pa nkhani ya malo a ukwati. Koma kuti imveke bwino, ndiyambe ndafotokoza mbiri ya tchalitchi chathu cha ku Balaka, kuyambira pamene chinali cha udzu."

"Ku Balaka," anatero a Pitala ndi mawu osasa.

"Mwati?"

"Ndati ukwati ukachitikire ku Balaka. Tavomera. Nkhani yatha."

A Blasius anayang'ana a Jane. A Jane anayang'ana mphasa.

"Mwatidabwitsa, ankhoswe. Ife kunyumba tinapangana kuti mukalimbikira pang'ono, tivomera Chikweo, poti mkazi ndi wanu. Koma mawu a mwini mudzi sitingawakane. Jane, wamva nawe. Ku Balaka." Anawomba m'manja katatu mwaulemu. "Koma chinkhoswe chokha chichitikire kuno. Malo ano ndawakonda."

A Pitala anadzuka, anayenda molunjika ku ndowa ya pakhonde, anavula jekete, n'kudzithira makapu atatu pamutu.

Chakudya anadyera pansi pa mango: mpunga, nkhuku ndi kambale ka kalongonda. A Pitala ankadya mwakachetechete, zimene a Judith anali asanazionepo chibadwire. Ali pakhomo la khitchini, mapazi khumi kuchokera pamene panali alendo, a Judith anawanong'oneza a Jane kuti nthutumba aisungira a Blasius, koma sakudziwa ngati mano akadalipo.

"Alipo, mayi, bweretsani," anatero a Blasius osatembenuka n'komwe.

Dzanja la a Pitala linaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

"Makutu aja achira?"

"Amatero. Akakhala pamthunzi amatseguka." A Blasius anatafuna nthutumba yawo mosafulumira. "Ine, ankhoswe, ndakhala pakamwa pa ng'anjo ya laimu kuyambira ndili mnyamata mpaka imvi izi. Moto wake umayaka masiku atatu osazima. Ukatsegula pakhomo pake nsidze zimapotana. Ndiye nditangoona mpando wachitsulo pansi pa malata akuda, migolo uku ndi uku, wanu uli kumphepo, ndinati apa andikonzera. Ndinaona kuti si bwino kudya ndekha zimene mwini mudzi wakonza."

A Jane analephera kupirira, anaseka mpaka kutsamwa. A Pitala anatsegula pakamwa kuti akane, koma a Blasius anapitiriza.

"Chimene ndikufuna kudziwa n'chimodzi. Anasankha malo aja ndani? Chifukwa ameneyo ntchito amaidziwa. Ndinayesa kupendeka kumanja, kunali kopepukirapo. Kutsogolo, chimodzimodzi. Mpando uja unali pamtima penipeni. Akapitawo athu a ku ng'anjo sakanapeza malo amene aja."

Apa manyazi ndi kunyada zinalimbana pankhope pa a Pitala, ndipo kunyada kunapambana.

"Mwana wa achemwali anga ameneyo. Injiniya. Anachulukitsa kanayi." Anakweza mawu. "Lydia, tabwera kuno. Ubwere ndi envelopu ija."

Lydia anatuluka atamanga chitenje, anagwada patali pang'ono n'kupereka moni. A Blasius anaitanitsa envelopuyo, anavala magalasi, n'kuyang'ana manambala aja nthawi yaitali. Anafunsa kuti 273 wachokera kuti, Lydia anafotokoza. Anafunsa chifukwa chake malata akuda amapsereza kuposa oyera pamene onse ali padzuwa limodzi, anafotokozanso. Nkhalambayo inkangogwedeza mutu.

"Ife tinkazidziwa ndi khungu, inu mukuzidziwa ndi pensulo. Koma ndi zomwezo." Anatembenuza envelopuyo. "Nanga kuseri kuno? Pajambulidwa kambale, pansi pake 15."

Lydia anayang'ana pansi. A Pitala analanda envelopuyo n'kuiyang'anitsitsa. Kambaleko kanali ndi makutu awiri.

"Iwe," anatero pang'onopang'ono, "unkadziwa ntchito ya bambo awa?"

"Ndinkadziwa, amalume."

"Ndiye unangondisiya ndikabwereke mpando kwa akatekisiti, ndiusenze pamutu kudutsa pamsika?"

"Ndinakuuzani kuti masamu anga amathera pa khungu."

A Pitala anamuyang'ana, anayang'ana achemwali awo amene anabisala kuseri kwa chitseko, kenako anayamba kuseka, kuseka kosafuna, kotulukira m'mphuno. Atamaliza anapukuta maso.

"Chabwino. Wandidya bawo pakhomo panga pomwe. Koma mlandu ulipo. Chinkhoswe chako chichitikira pachisakasa chomwechi, ndipo sindikufuna mlendo aliyense adzatuluke thukuta. Unadziwa kupeza moto, udziwenso kuuzimitsa. Ndi manja ako, osati kutuma anyamata."

"Ndi zosavuta zimenezo," anatero a Blasius. "Pamwamba apake laimu, dzuwa lizibwerera komwe lachokera. Pansi amange denga la bango, kuti mitu ya anthu izionana ndi bango m'malo mwa chitsulo. Migoloyo achotse. Laimuyo nditumiza ine, anzanga akadalipo ku ng'anjo."

Matumba awiri a laimu anafikadi ndi Hassani sabata yotsatira, akununkha nsomba. Masiku a Loweruka awiri otsatizana anthu opita kumsika ankaona injiniya wa ku Liwonde ali padenga, atavala ovolosi ya kuntchito, akupaka malata ndi burashi ya mlaza, amalume ake ali pansi pa mango kumuuza pamene waphonya. Bango anakadula ku dambo ndi mayi ake. Atamaliza analoza kamfuti kake pakona paja wani koloko masana. Bango linali pa madigiri 36. Anawerengera, napeza kuti chotsala chowotcha munthu panalibe n'komwe.

Chinkhoswe chinachitika kumapeto kwa Novembala, mvula isanayambe. Kunja dzuwa linkang'amba nthaka, koma pansi pa chisakasa panali pozizira bwino, moti ana ena anagona pamiyendo ya amayi awo. A Pitala ndi a Blasius, amene tsopano ankaimbirana foni Lamulungu lililonse, anagwirizana kuti pasakhale wopondereza mnzake: aziyankhula mosinthana. A Blasius akatchula kholo la kwawo, a Pitala ankayankha ndi la kwawo, ndipo penapake anapeza kuti agogo awo anawolokera pa doko limodzi chaka chimodzi, zimene zinafunika kuzifotokoza bwino kuyambira pachiyambi. Panalibe chowathamangitsa. Mwambo umene unayenera kutha thu koloko unafika faifi mphatso zisanayambe kuperekedwa.

Lydia anakhala kutsogolo pambali pa Kevin, atavala chilundu chatsopano chomuthina m'chiuno, mutu atazolika monga mkwatibwi ayenera kuchitira. Nsapato anali atazivula kale pansi pa tebulo. Kevin anapendekera kwa iye n'kufunsa motsitsa mawu ngati panalibe njira ina iliyonse yowathamangitsira ankhoswewo kuti amalize.

"Bango lija ndinamanga ndi waya," anayankha Lydia osadzutsa mutu. "Silichoka lero."